AMUNA A M'NDEGE AMENE SANABWERERE KWAO

Munthu akamwalira pamudzi, abale ace amadziwa kumene wagona. Amamlira, namnyamula kunka naye kumanda, ndipo pakapita nthawi amammangira ciliza kuti adzukulu adzadziwe malo ace. Koma pali maliro ena owawa koposa, ndiwo a munthu amene anacoka pakhomo ali wamoyo, osaonekanso ngakhale mtembo wace. Abale a munthu wotere sadziwa tsiku loyamba kulira, ndiponso alibe manda oti akasese. Maliro a mtundu umenewu anagwera mabanja zikwi zambiri pa Nkhondo Yaikuru Yaciwiri, imene inayamba m'caka ca 1939 nitha m'caka ca 1945. Ambiri a otayikawo anali anyamata oyenda m'ndege zoponya mabomba.

Ndege ndi amuna ace

M'caka ca 1940 ankhondo a Hitler, mtsogoleri wa Germany, anagonjetsa France ndi maiko ena oyandikana nao. Asilikari a Britain anabwerera kwao patsidya pa nyanja, ndipo kwa zaka zingapo panalibe njira ina yofikira m'dziko la Germany koma ya m'mlengalenga. Cotero Angerezi anakulitsa gulu lao la ndege zoponya mabomba, lochedwa Bomber Command. Mabwalo ambiri a ndegezi anali kum'mawa kwa England, makamaka m'cigawo ca Lincolnshire.

Ndege yochuka koposa zonse inali Lancaster. Inali ndi injini zinai, ndipo kuyambira kunsonga ya phiko limodzi kufikira kunsonga ya linzace panali mamita 31. Zinapangidwa 7,377, ndipo zoposa 3,000 zinatayika pa maulendo a nkhondo.

M'ndege iri yonse munali amuna asanu ndi awiri, yense ndi nchito yace. Woyamba anali woyendetsa ndege, ndiye mtsogoleri wa onse. Pambali pace panali wosamala injini, amene anali kuyang'anira mafuta ndi kumthandiza ponyamuka ndi potera. Kumbuyo kwao, m'kacipinda kochinga ndi nsaru, kunali wolondola njira ndi mapu ace ndi pensulo. Iyeyu anali kuwerengera liwiro la ndege ndi mphamvu ya mphepo, nauza woyendetsa kumene ayenera kukhotera. Wacinai anali wa wailesi, womvera mau ocokera ku England. Wacisanu anali kugona cafufumimba kumphuno kwa ndege nayang'ana pansi, ndipo ndiye anali kumasula mabomba. Awiri otsala anali a mfuti, mmodzi pamsana pa ndege, mnzace kumcira. Wa kumcirayo anali kukhala yekhayekha usiku wonse m'kamalo kopapatiza, osaona nkhope za anzace, nangomva mau ao m'zomvera za kumakutu.

Palibe mmodzi wa amuna amenewa amene anakakamizidwa kulowa m'ndege. Onse anadzipereka okha. Ambiri anali a zaka za pakati pa 19 ndi 25, ndipo munthu wa zaka 30 anali kuyesedwa nkhalamba. Pamene anali pafupi kutsiriza maphunziro ao, akuru anali kuwasonkhanitsa m'nyumba yaikuru yosungiramo ndege, nawauza kuti asankhane okha. Cotero mnyamata wa ku Canada anali kugwirizana ndi wa ku Scotland ndi wa ku Australia, anthu osadziwana dzulo lace, ndipo kuyambira tsiku lomwelo moyo wa yense unali m'manja mwa anzace. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Wa mfuti akaodzera, kapena wolondola njira akalakwa masamu, onse asanu ndi awiri anali kutayika pamodzi.

Ulendo wa usiku

Poyamba Angerezi anayesa kupita masana, koma ndege zao zambiri zinagwetsedwa; cotero maulendo ambiri anakhala a usiku. Madzulo amunawo anali kuitanidwa m'cipinda cotseka, momwe munali mapu aakuru pakhoma, ndi cingwe cosonyeza njira ya usiku umenewo. Asananyamuke anali kupatsidwa mazira ndi nyama ya nkhumba, zakudya zimene zinali zosowa m'nthawi ya nkhondo. Anali kukhuthula m'matumba mwao zonse zimene zikanathandiza adani, ndipo ambiri anali kusiya kalata yotsazika makolo, yoti itumizidwe ngati iwo sabwera.

Ndegezo zinali kuuluka pamtunda wa mamita 6,000 kapena kuposerapo. Kumeneko mpweya ngwocepa, kotero kuti munthu sangathe kupuma bwino popanda cobvala kumphuno cobweretsa mpweya wa m'mabotolo. Kuzizira kwace nkoopsa: munthu akagwira citsulo ndi dzanja losabvala, khungu linali kumamatira pomwepo. Ulendo wa ku Berlin, kupita ndi kubwera, unali kutenga maora asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu.

Ajeremani nao anali kuteteza mizinda yao mwamphamvu. Anali ndi makina ochedwa radar oonera ndege zikali kutali, nyali zazikuru zounikira kumwamba, mizinga yoombera m'mlengalenga, ndi ndege zaliwiro zosaka usiku. Ndege yodzala mafuta ndi mabomba ikalasidwa, kawirikawiri inali kuyaka moto. Munthu aliyense anali ndi parachuti, ndiyo nsaru yaikuru yonga ambulera imene imatsitsa munthu pang'onopang'ono. Koma khomo lotulukira la Lancaster linali laling'ono, ndipo kulipeza mumdima, ndege irikugwa mozungulira, kunali kobvuta. Mwa amuna a m'ndege za Lancaster zimene zinagwetsedwa, anapulumuka pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu ndi awiri.

Lamulo linali lakuti munthu atsirize maulendo 30 asanapumule, koma ambiri sanafikepo. Usiku wa pa 30 March 1944 ndege 795 zinanyamuka kunka ku mzinda wa Nuremberg. 95 sizinabwere, ndipo amuna oposa 500 anafa usiku umodzi womwewo. Pa nkhondo yonse amuna pafupifupi 125,000 anauluka m'gulu la Bomber Command, ndipo 55,573 anafa. Ndiko kuti mwa amuna 100 ali onse, 44 sanabwerere kwao. Mwa akufawo, pafupifupi 10,000 anali a ku Canada, 4,000 a ku Australia, ndi 1,700 a ku New Zealand. Oposa 8,000 anafa pa ngozi cabe, ambiri a iwo akali kuphunzira.

Ulendo wa ku Augsburg

Bomber Command inali yogawidwa m'magulu ang'onoang'ono, liri lonse ndi nambala yace. Gulu la nambala 44 linapatsidwa dzina lakuti Rhodesia m'caka ca 1941, cifukwa ena a amuna ace anali Azungu ocokera ku Southern Rhodesia, dziko limene lero lichedwa Zimbabwe. Cizindikiro cace cinali njobvu. Gulu limeneli ndilo linayamba kulandira ndege za Lancaster, pa bwalo la Waddington pafupi ndi mzinda wa Lincoln.

M'masiku amenewo zombo za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zinali kumiza zombo zambiri zonyamula cakudya kunka ku Britain. Injini za zombozo zinali kupangidwa m'fakitale ya ku Augsburg, kumwera kwa Germany. Akuru a nkhondo anaganiza zotumiza ndege zowerengeka masana, kuti amuna aione bwino fakitaleyo. Lacisanu pa 17 April 1942, ca m'ma 3 koloko masana, zinanyamuka ndege 12: zisanu ndi imodzi za gulu la 44, ndi zisanu ndi imodzi za gulu la 97. Wotsogolera anali John Nettleton, mnyamata wa zaka 24 wobadwira ku Nongoma, m'dziko la Azulu ku South Africa.

Zinauluka pansi kwambiri, pafupifupi kukhudza nsonga za mitengo, kuti radar isazione. Koma zitalowa mu France, ndege zosaka za Ajeremani zinakumana ndi zisanu ndi imodzi za Nettleton, ndipo m'kanthawi kocepa zinai zinagwetsedwa. Nettleton ndi mnzace mmodzi wotsala sanatembenuke. Anapitirira mpaka ku Augsburg, naponya mabomba ao dzuwa liri pafupi kulowa. Mnzaceyo analasidwa pomwepo nagwa pafupi ndi mzinda. Gulu la 97 linatayanso ndege ziwiri. Mwa ndege 12 zinabwera zisanu zokha; mwa amuna 85 anafa 37, ndipo 12 anagwidwa ndi adani. Nettleton anatera usiku pafupi ndi Blackpool, ndege yace iri ndi mabala ambiri. Anapatsidwa Victoria Cross, ndiyo mendulo yoposa zonse ku Britain ya kulimba mtima pa nkhondo. Koma fakitale ija sinaonongeke kwambiri, ndipo nchito yace inapitirira.

M'mwezi wa July 1942 Nettleton anakwatira, ndipo m'caka cotsatira anakhala mtsogoleri wa gulu lonse la 44. Usiku wa pa 12 July 1943 anapita kukaponya mabomba ku Turin, m'dziko la Italy. Pobwerera anadzera njira yaitali ya pa nyanja kumadzulo kwa France, ndipo kunawacera akali m'njira. Ndege yace inatayika pa nyanjapo m'mawa wa pa 13 July. Mtembo wace sunapezeke. Mwana wace wamwamuna anabadwa atate wace atafa kale.

Anthu a mu Africa

Nkhondo ya m'mlengalengayi inakhudzanso anthu akuda a mu Africa. Kuyambira m'caka ca 1940 anyamata zikwi zingapo ocokera ku Britain ndi ku maiko ena anaphunzira kuyendetsa ndege ku Southern Rhodesia, pa mabwalo a pafupi ndi Bulawayo, Salisbury ndi Gwelo, mizinda imene iwiri yotsirizayo lero ichedwa Harare ndi Gweru. Amene anasalaza mabwalowo anali anthu akuda, ambiri a iwo olembedwa mokakamiza, ndipo asilikari akuda ndiwo anali kuwalonda. Migodi ya ku Copperbelt, m'dziko lino limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, inatumiza mkuwa wambiri ku Britain wopangira mawaya a magetsi ndi makoko a zipolopolo.

Anthu akuda owerengeka analoledwa kuuluka. Mmodzi wa iwo anali Johnny Smythe wa ku Freetown, ku Sierra Leone, amene anali wolondola njira. Ndege yace inagwetsedwa mu Germany m'mwezi wa November 1943. Iye anatsika ndi parachuti ali wobvulala, nagwidwa, nakhala m'ndende kufikira 1945. Pambuyo pace anaphunzira za malamulo nakhala loya wochuka kwao.

Uthenga wa kwa abale

Ndege ikapanda kubwera, amuna a pabwalo anali kudikira mpaka itakwana nthawi yoti mafuta ace atha. Pamenepo katundu wa amuna ace anali kulongedzedwa msanga, ndipo m'mabedi mwao munali kulowa ena atsopano. Makolo anali kulandira telegalamu yonena kuti mwana wao wasowa. Mau amenewa sanali kulongosola ngati munthu ali moyo kapena wafa. Abale anali kudikira masabata ndi miyezi kuti amve kwa a Red Cross, amene anali kulandira maina a ogwidwa ndi a akufa kucokera ku Germany. Ena analandira uthenga wokondweretsa, koma ambiri iai.

Nkhondo itatha, panatumizidwa amuna kukafunafuna otayikawo m'maiko a ku Europe. Anayenda mudzi ndi mudzi kufunsa alimi ndi abusa a mipingo, nakumba pamene panagwa ndege, nawerenga manambala a pa injini. Mwa njira imeneyi anazindikira mitembo zikwi zambiri, naiika m'manda osamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission. Ku manda a Reichswald Forest, mu Germany, kwagona amuna a m'ndege pafupifupi 4,000. Miyala ya pamanda njofanana yonse, wa mtsogoleri ndi wa msilikari wamba. Pamene mitembo sinathe kulekanitsidwa cifukwa ca moto, amuna a m'ndege imodzi anaikidwa m'manda amodzi, miyala yao niyandikana.

Kufunafunako sikunathebe. M'caka ca 2020 anthu a ku Netherlands anabvuula m'nyanja ya Markermeer zotsala za ndege ya mtundu wa Stirling, imene inagwamo m'mwezi wa March 1943. Inali ya gulu la 218, lochedwa Gold Coast, dzina lakale la Ghana. Mafupa a amuna ace anaikidwa m'manda m'caka ca 2022, patapita zaka 79.

Maina pa miyala

Cifukwa ca iwo amene sanapezeke konse, anamanga cikumbutso pa phiri la ku Runnymede, loyang'ana mtsinje wa Thames kumadzulo kwa London. Mfumukazi Elizabeth II anacitsegula pa 17 October 1953. Pa makoma ace palembedwa maina oposa 20,000 a amuna ndi akazi a nkhondo ya m'mlengalenga amene alibe manda odziwika, ndipo dzina la John Nettleton liri pomwepo. Kwa mai amene analibe manda oti akaone, mzere umodzi wa zilembo pa mwala unakhala ciliza ca mwana wace.

Koma cikumbutso cacikuru ca amuna a Bomber Command mu London cinacedwa zaka 67. Cifukwa cace nciani? Mumdima kunali kobvuta kulasa fakitale imodzi. Cotero kuyambira m'caka ca 1942 boma la Britain linalamula kuti mabomba aziponyedwa pa mizinda yathunthu, ndipo mkuru wa Bomber Command, Arthur Harris, analimbikira kwambiri njira imeneyi. Ku Hamburg, m'mwezi wa July 1943, moto unapha anthu pafupifupi 40,000. Ku Dresden, m'mwezi wa February 1945, kunafa anthu pafupifupi 25,000. Ambiri a iwo anali akazi, ana ndi nkhalamba. Ajeremani nao anali atapha kale anthu oposa 40,000 m'mizinda ya Britain ndi mabomba ao, pakati pa September 1940 ndi May 1941. Njobvu zikamenyana, wobvutika ndi udzu.

Ngakhale nkhondo iri m'kati, panali ena otsutsa. Bishopu George Bell wa ku Chichester anaimirira m'nyumba ya malamulo m'mwezi wa February 1944, nanena kuti kutentha mizinda yathunthu sikunali kolungama. Ena anayankha kuti mabombawo anaumiriza Hitler kusunga mizinga ndi amuna ambiri kwao, ndipo anaononga mafakitale a mafuta, motero nkhondo inafupika. Olemba mbiri akali kukambirana mlandu umenewu. Nkhondo itatha, atsogoleri ambiri sanafunenso kuchula za mizinda yotenthedwayo. Winston Churchill, polankhula kwa mtundu wonse m'mwezi wa May 1945, anayamika magulu ambiri a nkhondo, koma Bomber Command sanaichule. Amuna opulumuka anamva kuwawa mumtima, pakuti si iwo anasankha mizindayo, ndipo anzao amene anafa anakhala ngati aiwalika.

Potsiriza anthu anasonkha ndalama, ndipo pa 28 June 2012 Mfumukazi anatsegula cikumbutso ku Green Park, mu London. M'kati mwace muli zifanizo zisanu ndi ziwiri za mkuwa, za amuna a m'ndege imodzi amene angotera kumene ali otopa. Ena ayang'ana kumwamba monga anthu odikira anzao. Mbali ina ya denga lace inapangidwa ndi citsulo ca ndege imene inagwa ku Belgium m'caka ca 1944. Pa khoma palembedwanso mau okumbukira anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba pa nkhondo imeneyo, ndiko kuti Ajeremani ndi Angerezi omwe. M'caka ca 2018 anatsegula malo ena a cikumbutso pafupi ndi Lincoln. Pamenepo pali nsanja yacitsulo yotalika mamita 31, monga kutambalala kwa mapiko a Lancaster, ndipo pa makoma oizinga palembedwa maina pafupifupi 58,000 a amuna ndi akazi amene anafa pa nchito ya Bomber Command.

Tsiku la cikumbutso

Caka ndi caka, pa 11 November ndi pa Sabata loyandikana nalo, anthu a m'maiko ambiri amabvala duwa lofiira pa cifuwa nakhala cete mphindi ziwiri. Tsikuli ndilo limene Nkhondo Yaikuru Yoyamba inaleka m'caka ca 1918. Ku Lusaka mwambo wotere umacitika pa mwala wochedwa Cenotaph, pokumbukira asilikari a dziko lino, monga a Northern Rhodesia Regiment amene anamenya nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Burma.

Kukumbuka akufawa sikutanthauza kutama nkhondo. Munthu akamva nambala yakuti 55,573 aiwala msanga. Koma akaima pa khoma nawerenga maina limodzilimodzi, azindikira kuti dzina liri lonse linali mwana wa munthu, amene anadikiridwa pakhomo osabwera. Ndipo akakumbukanso ana a ku Hamburg ndi a ku London amene anafera m'nyumba zao, amvetsa mau a akale akuti nkhondo simanga mudzi.

Mafunso

1. Chulani nchito za amuna asanu ndi awiri a m'ndege ya Lancaster.
2. Cifukwa ninji kunali kobvuta kupulumuka ndege ikalasidwa?
3. Fotokozani ulendo wa ku Augsburg m'mau anuanu.
4. Kodi anthu akuda a mu Africa anakhudzidwa bwanji ndi nkhondo ya m'mlengalenga?
5. Cifukwa ninji cikumbutso ca ku Green Park cinacedwa kumangidwa?
6. Funsani akuru a kwanu ngati m'mudzi mwanu munali munthu amene anapita ku nkhondo imeneyi, ndipo lembani dzina lace ndi mbiri yace.